Mlamu Wanga wa Matumba Ambiri

Tsiku loyamba kumuona mlamu wangayu ndinali nditangokwatiwa kumene. Amuna anga anandiuza kuti mlongo wawo wamng'ono akubwera pa sitima yamasana, tikamulandire. Ndinalawirira kusita diresi langa lamaluwa, losoka ndekha, chifukwa ndinkafuna kuti akangondiona adziwe kuti achimwene ake sanatole mkazi wamba. Tinaima pa siteshoni maola awiri, dzuwa likuswa mtengo. Sitima itafika, maso anga anali ku mabogi akutsogolo, kumene kumatsika anthu azipewa ndi masutikesi. Iye anatsikira kumchira kwenikweni, m'bogi la mabenchi athabwa, momwe anthu amathithikana ndi madengu awo. Anali kamtsikana kowonda, kovala nsapato zansalu, kachikwama kamodzi paphewa. Ndinasuzumira kumbuyo kwake kuti kapena katundu akubwera ndi wonyamula. Anandiona ndikusuzumira.

"Katundu yense ndi yemweyu, alamu," anatero. "Ndipo theka lake ndi buledi."

Amuna anga anaseka kuseka kochokera m'mimba, komwe ine ndinali ndisanakumvepo chikwatiwireni. Pobwerera kunyumba awiriwo anatsogola, iye akufotokoza za mayi wina yemwe anagona paphewa pake ulendo wonse, n'kudzuka akumudzudzula kuti ali ndi mafupa olasa. Ine ndinkabwera m'mbuyo ndi diresi langa lositalo, nsapato zikundiluma, ndipo panalibe anatembenuka kuliona. Nsanje yanga inaphuka pa msewu umenewo. Ndakalamba nayo, mlamu wangayo anatisiya kale, koma ndikati inafota ndinganame.

Anadzakhazikika mumzinda mwathu momwemo atapeza ntchito yochapa pachipatala china chachikulu. Inali ntchito ya nthunzi ndi sopo woluma: nsalu zapabedi mazanamazana, kuzilowetsa m'makina, kuzitulutsa zikulemera ngati mwana wang'ombe, kuzisita, kuzipinda. Manja ake ankakhala otuwa, ong'aluka m'mipata ya zala. Malipiro ake anali ochepa kuposa zomwe ine ndinkapeza pa makina anga osokera, izi ndikuzidziwa bwino. Ankakhala m'kachipinda kamodzi kumbuyo kwa golosale, muli bedi lachitsulo, mpando umodzi ndi kambaula, basi. Zovala zake zinkakwana pa misomali inayi. Pakhoma, pomwe anzathu amapachika zithunzi zaukwati, iye anamatapo mapepala a nthawi zonyamukira sitima ndi mabasi, atalembalemba ndi pensulo m'mphepete. Za banja ankangoseka. Anabwerapo amuna awiri kapena atatu, abwinobwino, mmodzi kalaliki wokhala ndi njinga yamoto. Onse anawabweza, ati akufuna kumugulira kabati.

Anthu ankadabwa kuti munthu wotere amayenda bwanji maiko. Ankanong'ona kuti ali ndi mwamuna wobisika womulipirira, ndipo ndivomere, ena mwa manong'onong'owo anatulukira pakhonde langa. Koma chinsinsi chake chinali chapoyera. Masiku atchuthi, pomwe anzake onse ankalimbirana kupita kwawo, iye ankatsala pantchito n'kuwagwirira, masikuwo n'kumasunga. Ankadzawatenga nyengo yoipa, yamvula kapena yozizira, sukulu zitatsegulira, pomwe munthu wanzeru sayenda ndipo mitengo ya matikiti yagwa. Ankakwera sitima yoima pa siteshoni iliyonse, yofika mawa lake. Ankagona m'nyumba za alendo zija za mabedi osanjikizana, anthu asanu ndi atatu osadziwana m'chipinda chimodzi, bafa limodzi kumapeto kwa khonde. Ankasankha bedi lapamwamba, ati lapansi amakhalapo alendo a mnzako. Chakudya ankagula kumsika ogulitsa akulongedza, pomwe nthochi zimatsika mtengo. Malo olowa ndi ndalama ankawaonera panja, ati kunja kwa nyumba n'kumene amisiri amaikako mtima.

Ine ndinkamva zonsezi n'kumati ndi umphawi wodzifunira. Ndinali ndi nyumba ya zipinda zitatu, makatani, kabati yagalasi yodzaza mbale za alendo, ndi makasitomala ondidikira miyezi kuti ndiwasokere. Koma akabwera kudzacheza, atada ndi dzuwa lakwina, nyumba yonse inkatembenukira kwa iye, mbale zangazo zili duu m'kabati.

Mwana ndinamudikira zaka khumi. Atabadwa, wamkazi, ndinadziwa kuti wina sadzabweranso, ndipo sanabweredi. Tinkamutcha Kabatani, chifukwa ankakwawa pansi pa makina anga n'kumatola mabatani. Limodzi analimeza ndithu, tinalidikira masiku awiri. Ndinamulera pakati pa nsalu, ndikudziuza kuti makinawa adzakhala ake, adzakhala pakhonde lomweli ine ndili pambali ndikumuwongolera. Koma mwanayo akangomva kuti azakhali ake afika, ankasiya chilichonse. Chonsecho mlamu wangayo sankabweretsa mphatso zenizeni. Ankamupatsa tikiti yakale yoboola, kasopo ka kunyumba ya alendo, kamwala. Ine ndinkamusokera madiresi oti ana a anthu olemera ankasirira, iye n'kungoti zikomo amayi, n'kuthamangira kukabisa tikiti yoboolayo pansi pa pilo.

Kabatani ali ndi zaka khumi ndi ziwiri kunabwera ndege zotchipa zija. Tikiti yake ukaigula kudakali miyezi isanu, n'kuvomera kunyamuka pakati pa sabata, inkatsika mpaka kufanana ndi ya basi. Koma eni ake sanali opusa. Ankalola kachikwama kamodzi kokha kolowa pansi pa mpando. China chilichonse ulipire padera, ndipo mtengo wa sutikesi unkaposa wa munthu. Mlamu wanga anawerenga malamulo awo onse, ngakhale timalemba tija tating'ono ngati nyerere, n'kupeza kuti zomwe munthu wavala saziyeza. Tsiku lina anafika pakhonde langa ndi chikhoti chachimuna, chotuwa, chapakaunjika. Anati ndichisokere matumba mkati. Ndinafunsa kuti angati.

"Onse omwe angakwane, alamu. Aatali a zovala, ang'onoang'ono a sopo ndi mankhwala. Lina kumsana kuno, la thaulo."

"Muzioneka ngati matiresi oyenda."

"Matiresi salipira."

Ndinanyinyirika, koma ntchitoyo inandikoka, chifukwa telala aliyense amakonda chinthu chovuta. Ndinamasula nsalu yamkati, ndinajambula ndi choko, ndinagawa kulemera kuti kusagwere mbali imodzi, ndipo pakamwa pa thumba lililonse ndinabwereza msoko katatu. Anakwana khumi ndi asanu ndi awiri. Atachivala chodzaza ankaoneka ngati mayi wonenepa wokhala ndi kamutu ka mbalame, koma kunja sikunkaoneka chotupa ngakhale chimodzi. Atabwerako ku ulendo woyamba anatiuza kuti ofufuza katundu atamuvula, chikhoticho chinaima chokha pa tebulo lawo, mmodzi mpaka anachipatsa moni. Amuna anga anaseka mpaka misozi. Za amene anasoka panalibe anafunsa. Pa zonse zomwe ndinasokapo, madiresi aukwati ndi masuti omwe, chikhoti chimenecho ndicho chinafika kutali. Kuyambira pamenepo m'dera lathu anayamba kumutcha a Matumba, iye n'kumayankha mokondwa.

Patapita zaka zitatu anabwera ndi pepala, naliika pa makina anga, pamwamba pa nsalu ya kasitomala. Panali dzina langa. Anati wagula matikiti awiri, masiku anayi, kumzinda wina wa milatho yambiri, ndipo dzina silisinthika, ndikakana ndiye kuti tikitiyo yafa. Ndinakalipa kuti bwanji osandifunsa kaye, ndili ndi ntchito za anthu. Koma mkatimu mtima unkavina. Ndinasoka madiresi anayi atsopano, lililonse la tsiku lake. Anandichenjeza kawiri konse za kachikwama, anati ndidzisokere chikhoti changa nthawi idakalipo. Ndinamuyankha kuti ine ndine telala wodziwika, sindingakwere ndege ndikuoneka ngati ndaba m'sitolo. Mumtima ndinkati malamulo oterewa amaikira anthu ngati iye, ansapato zansalu. Mayi wovala bwino, wolankhula mwaulemu, kalaliki amangomuyang'ana n'kumulola.

Ndinatsitsa sutikesi yachikopa yomwe inakhala pamwamba pa kabati chikwatiwireni. Ndinayalamo madiresi anayiwo, pakati pake mapepala ofewa kuti asakwinyike, mapeyala awiri a nsapato, nsalu yanga yapabedi chifukwa sindikanagona pa ya anthu osawadziwa, ndiponso simbi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza akazi anzake kuti chovala chokwinyika chimanyozetsa mwini wake sangapite kudziko la eni wopanda simbi.

Amuna anga ndi Kabatani anatiperekeza ku bwalo la ndege m'mawa. Mlamu wanga ataona sutikesiyo ikutsitsidwa m'galimoto anangoluma mlomo. Kalaliki anali mtsikana waulemu ndithu. Anaiika pa sikelo n'kutchula mtengo. Ndinamuuza kuti ndine mlendo pa zimenezi, anditsitsireko. Anamwetulira n'kubwereza womwewo. Ndalama zomwe ndinali nazo zinali za chakudya ndi pogona pa masiku onse anayi, ndipo zikanathera pomwepo.

Pamenepo mlamu wanga anagwada pansi, pakati pa anthu, n'kutsegula sutikesi yanga. Anati nthawi ilipo, tipite kuchimbudzi ndikavale madiresi onse anayi, lina pamwamba pa linzake, nsapato aziika m'matumba mwake, simbi ndi sutikesi zibwerere ndi achimwene. Ankalankhula uku akukoka madiresi anga n'kumawapinda ngati nsalu zakuchipatala, mapepala ofewa aja akuuluka pansi. Anthu a pamzere anayamba kuyang'ana. Mayi wina yemwe ndinamusokerapo suti anandizindikira n'kundipatsa moni. Kenaka simbi inagubuduka n'kugunda pansi, ndipo bambo wina kumbuyo anaseka.

"Alamu, kumene tikupitako palibe akukudziwani," anandinong'oneza. "Maola awiri okha. Mukavula tikafika."

"Pano akundidziwa."

Ndinatola madiresi anga, ndinatseka sutikesi, ndinatuluka. Sananditsatire. Ndinamva pambuyo pake kuti anaima maso ali kukhomo mpaka a ndege ataitana komaliza, n'kukwera yekha. M'galimoto pobwerera amuna anga anaika maso pamsewu. Kabatani, wa zaka khumi ndi zisanu, anayang'ana pawindo njira yonse, ndipo titatsala pang'ono kufika anati, osandiyang'ana, "Ine ndikanavala."

Chaka chotsatira dzina la pa tikiti yachiwiri linali la Kabatani. Mlamu wanga anapempha kwa achimwene ake, iwo anavomera ine ndisanatsegule pakamwa. Mwanayo anabwera kwa ine ndi jekete lake lasukulu kuti ndimusokere matumba. Ndinati ndatanganidwa. Tsiku lachiwiri ndinamupeza atakhala pa makina anga akuyesa yekha, msoko wokhotakhota, ulusi utapotana pansi. Ndinamuchotsapo n'kusoka ndekha, matumba khumi, misozi ikugwera pa nsalu. Sindikanalola kuti mwana wanga apite kwa eni ndi msoko wotero.

Anabwerako patatha masiku asanu ali munthu wina. Anali atagona chipinda chimodzi ndi atsikana a zilankhulo zinayi, ataphika nawo m'khitchini ya onse, ataphunzira kuwerenga mapu ndi kufunsa njira ndi manja. Pa tebulo iye ndi azakhali ake ankayamba nkhani n'kuseka isanathe. Ndikafunsa kuti chachitika n'chiyani, ankati n'zovuta kufotokoza, mukanakhalapo. Makina anga sanawakhudzenso. Anasankha unamwino.

Amuna anga anamwalira mwadzidzidzi mwanayo ali chaka chomaliza cha maphunziro. Mlamu wanga anali kuulendo, tikiti yake yosasinthika, ndipo ina yobwerera msanga sakanaikwanitsa. Anafika titaika kale. Ndinkati ulendo uno Kabatani aona kuti munthu wa m'misewu sadalirika. Koma mwana yemwe sanagwetse msozi pamaso panga masiku onse a maliro, atangoona chikhoti chija pachipata anathamanga n'kukalirira m'menemo. Atamaliza sukulu anapeza ntchito kudziko lakutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Njira yotchipa yokafikira kumeneko, ndege zitatu ndi sitima imodzi, anamupezera ndi azakhali ake. Ndinatsala ndekha m'zipinda zitatu.

Kabatani ankaimba foni Lamulungu lililonse, sindingamunamizire. Kwa ine ankafunsa za miyendo ndi za denga lodontha, mphindi khumi zatha. Kenaka ndinkamva kwa mayi wa golosale kuti a Matumba dzulo anakhala pakhomo ndi foni ola lathunthu, akuseka mpaka kutsokomola. Nkhani zonse za mwana wanga ndinkazimva zitazizira, zitadutsa kaye kumbuyo kwa golosale: kuti wasamuka nyumba, kuti wakwezedwa pantchito, kuti anadwala sabata ziwiri koma amayi asauzidwe, angade nkhawa. Ya kudwalayo ndiyo inandinyamula. Ndinapita kukachipinda ka mlamu wanga kaja, ndinakana mpando.

"Munalephera kubereka wanu, ndiye mwatenga wanga."

Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa pomwepa. Anali akupinda thaulo. Anamaliza kulipinda, makona onse kulingana, n'kuliika pabedi.

"Tikiti yoyamba inali yanu, alamu," anatero.

Sitinalankhulane zaka ziwiri. Tikakumana kumsika ndinkatembenukira ku tomato. Ankapitabe maulendo ake, tsitsi litayera, chikhoti chija chitang'ambika m'zigongono, ndipo ndinamva kuti anakachipereka kwa telala wina wa pafupi ndi siteshoni kuti achigambe. Chimenechonso chinandipweteka, ngakhale sindinauze munthu.

Chimene chinatigwirizanitsa ndi matenda. Anagwa pantchito chaka chomwe amayenera kupuma, mbali yakumanzere n'kufa ziwalo. Kuchipatala komwe anachapako zaka makumi anayi anagonako mwezi, pa nsalu zochapa anzake, akuwadandaula kuti sakupinda bwino. Atatuluka panalibe kopita. Kachipinda kake kanali ndi masitepe atatu ndi chimbudzi chapanja. Sindinganene kuti ndinamutenga chifukwa cha mtima wabwino. Ndinamutenga chifukwa anali mlongo wa amuna anga ndipo anthu akanalankhula. Komanso, ndiulule, ndinadziwa kuti foni ya ola lathunthu ija izilirira m'nyumba mwanga. Ndinamuika m'chipinda cha Kabatani. Katundu wake yense anabwera pa ulendo umodzi wa wilibala.

Tinakhala choncho zaka zitatu, nkhalamba ziwiri, ine ndikumusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa, iye akundiuza kuti ndimapinda bulangete ngati mwamuna. Za mawu aja sitinabwererekonso. Dzanja lamanja linali lamoyo, ndipo ankakhala tsiku lonse foni ili pafupi ndi mphuno, akusaka matikiti a maulendo omwe sakanapita. Anthu a m'dera ankabwera kudzamufunsa, mphunzitsi wofuna kukaona mwana wake, amayi amalonda, ngakhale abusa. Ankawauza tsiku logula, tsiku lonyamuka, potsikira kuti asalipire takisi, nyumba yogona yomwe mwini wake amalola kuchapa. Ine ndinkawaphikira tiyi alendo akewo, iwo potuluka n'kumandiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi munthu wotere.

Kabatani anali atatha zaka zisanu osabwera. Tchuthi chake chinali chachifupi, njira yaitali, ndipo zomwe ankasunga zinkathera pa mankhwala a azakhali ake. M'chaka chachitatu cha matendawo anatumidwa ku maphunziro a sabata imodzi kudziko lina, tikiti adzipezere yekha. Mlamu wanga anakhala masiku anayi pa foni ija, osafuna kulankhulitsidwa, mpaka anapeza njira yokhotakhota, yotchipa kuposa yolunjika, yomwe inkamutsitsa mwanayo mumzinda mwathu m'mawa n'kumunyamulanso madzulo. Anawerengetsa pa zala za dzanja lamoyolo. Kuchotsa mizere ya pabwalo la ndege, kuchotsa basi pobwera ndi pobwerera, pankatsala maola anayi a m'nyumba.

Ndinakonza nyumba sabata yathunthu, koma mumtima ndinali nditawagawa kale maola anayiwo. Ndinadziwa kuti adzandikumbatira pakhomo, adzafunsa za miyendo, kenaka adzalowa m'chipinda chija n'kukhala m'mphepete mwa bedi, ine n'kumalowa ndi kutuluka ndi makapu. M'mawa wa tsikulo mlamu wanga anandiuza kuti ndimusambitse molawirira, ndimupese, ndimuveke bulauzi yabuluu. Anafunsa nthawi kasanu.

Zinayamba monga ndinaganizira. Mwanayo anafika cha m'ma leveni, kachikwama kamodzi kumsana, nkhope itakhwima. Anandikumbatira maso ali kale kuchitseko cha azakhali ake. Titalowa tinapeza mlamu wanga ali m'tulo, atatembenukira kukhoma. Kabatani anaitana chapansipansi, "Azakhali, ndafika." Anawagwira paphewa. Iwo anangopuma mozama, maso osatsegula. Mwanayo anandiyang'ana mwamantha, ndipo ndinamuuza kuti mankhwala amawatero nthawi zina, tiwasiye, adzuka.

Koma ine ndinali nditamusamala munthuyu zaka zitatu. Chidwalireni ankagona kukamwa kuli yasa, mkonono ukumveka mpaka kukhitchini, ndipo kutembenuka yekha inali ntchito yomutengera nthawi yaitali. Uyu anali atatseka pakamwa bwinobwino, zikope zikunjenjemera, pamphumi pali thukuta la kudzitembenuzako.

Tinakakhala kukhitchini. Poyamba mwanayo ankadzukadzuka kukasuzumira, kenaka anatopa. Anadya, anavula nsapato, ndinaona kuti mapazi atupa ndi kukhala m'ndege, ndinamubweretsera beseni la madzi ofunda. Anafunsa za miyendo yanga, ndinayankha. Anafunsa za denga, ndinayankha. Mafunso anamuthera. Iye ankasewera ndi madzi ndi zala zakumapazi, ine ndikupukuta kapu youma kale. Kenaka anayamba yekha. Anati kuli mwamuna, wophika kuchipatala komwe amagwira, wofatsa, wofedwa mkazi, ali ndi kamwana kamodzi. Akufuna banja, koma iye akuopa, sakudziwa ngati angathe kulera mwana wa mkazi wina, ndiponso ngati angathe kukhala malo amodzi. Anandifunsa mmene ine ndinadziwira kuti bambo ake ndiwo mwamuna wondiyenera. Ndinamuuza zomwe ndinali ndisanauzepo munthu, iye akumvetsera atatsamira pa tebulo. Pomaliza ndinafunsa funso lomwe linali mumtima mwanga nthawi yonseyo.

"Nanga azakhali ako anati chiyani?"

"Sindinawauze, amayi. Sindinauze aliyense."

Nthawi itakwana analowanso m'chipinda chija. Anagwada pambali pa bedi, anaika tsaya lake pa bulauzi yabuluu, ananong'ona zomwe sindinamve. Ine ndinali pakhomo ndikuona dzanja lamoyo lija litafumbata bulangete mwamphamvu, koma maso sanatseguke. Ndinamuperekeza mwana wanga mpaka pokwerera basi, atandikolowekera mkono.

Nditabwerera ndinapeza mlamu wanga akuyang'ana khoma, maso ali gwa.

"Nditembenuzeni, alamu, nthiti zandipweteka."

Ndinamutembenuza, ndinamukonzera pilo. Anafunsa ngati mwanayo wanenepa, ndinati pang'ono. Anafunsa ngati tsitsi analidula, ndinati ayi. Anati mawu ake wawamva, sanasinthe. Ndinayenera kumuthokoza pamenepo. M'malo mwake mtima unandiwawa kuti ngakhale mwana wanga yemwe ndachita kupatsidwa ndi iye, komanso kuti ine, ndikanakhala pabedi pamenepo, sindikanatha kutseka maso maola anayi.

"Nanga kukhitchiniko mumakamba zotani nthawi yonseyi?"

"Za denga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lake lakumanja lija. Anati denga limeneli lili ndi nkhani zambiri, ndimupatseko tiyi.

Awiriwo sanaonanenso. Mlamu wanga anamwalira nyengo yozizira isanathe. Nkhani ya mwamuna wophikayo ndinamuuza ndithu, koma patapita masiku awiri. Masiku awiriwo ndinayenda nayo ndekha m'nyumba muno, ndikumusambitsa, ndikumudyetsa, iye akungondiyang'ana, osafunsanso.